Supercharger pa Pikiapu ya Tsiku ndi Tsiku: Mphamvu Yofunika Kapena Kudziputira Mavuto?

Mu 2008 kampani ya Toyota ku Australia inachita chinthu chimene eni mapikiapu ambiri amangochilakalaka mumtima. Inatenga Hilux ya petulo, ya injini ya V6 ya malita 4.0, n'kuimangirira supercharger pamwamba. Mphamvu za injiniyo zinachoka pa makilowati 175 n'kufika pa 225. Galimotoyo anaipatsa dzina loti TRD Hilux, ndipo munthu ankaigula kwa ogulitsa a Toyota enieni, ili ndi warranty yake. Koma sinakhalitse. Pofika mu 2009 Toyota inali itatseka nthambi ya TRD m'dzikolo: mtengo wa galimotoyo unali wokwera, chuma cha dziko lapansi chinali chitagwedezeka, ndipo ogula mapikiapu ambiri mtima wawo unali pa dizilo.

Nkhani imeneyi anthu a mbali zonse ziwiri amaikokera kwawo. Okonda mphamvu amati ndi umboni woti injini ya pikiapu wamba imapirira supercharger, apo ayi Toyota, kampani yodziwika ndi kusamala, sikanaikapo dzina lake. Otsutsa amati ndi umboni woti munthu woyendera pikiapu tsiku ndi tsiku safunikira mphamvu zoterozo, n'chifukwa chake ogula sanaithamangire. Mkanganowu ukadali wamoyo m'magalaja a ku Texas ndi ku California, a ku Pretoria ndi ku Brisbane. Funso lake ndi ili: kodi galimoto imene imapita kuntchito m'mawa, kukatenga ana kusukulu masana, n'kudzanyamula simenti Loweruka, ndi yoyenera kuiwonjezera mphamvu?

Woti aweruze bwino ayenera kuyamba wadziwa zimene zimachitika pansi pa boneti. Injini ya petulo siivutika kupeza mafuta. Chimene chimaiperewera ndi mpweya. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika makilogalamu pafupifupi 14.7 a mpweya, ndipo mpweya umene silinda ingakoke payokha uli ndi malire. Supercharger ndi pampu yopanikiza mpweya n'kuukankhira m'masilinda mokakamiza. Imagwira ntchito ngati mvukuto wa wosula makasu: makala ndi omwewo, koma akawapopera mpweya moto umayaka mwaukali. Ndipotu chiyambi chake n'komweko. Abale awiri a ku Connersville m'chigawo cha Indiana, Philander ndi Francis Roots, analembetsa mu 1860 makina opopera mpweya m'ng'anjo zosungunulira zitsulo, ndipo mpaka lero mtundu wina wa supercharger umatchedwa Roots. Mtundu wa masikuluwu awiri opotana unakonzedwa ndi Alf Lysholm wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1930, ndipo ndi umene kampani ya Whipple ya ku Fresno imapanga.

Kusiyana kwake ndi turbo kuli pa chimene chimaizunguza. Turbo, imene Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905, imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, choncho imayamba yadikira kuti utsiwo uchuluke. Supercharger imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini, motero dalaivala akangoponda, mphamvu imabwera nthawi yomweyo. Kuipa kwake n'koti pampuyo imadyako mphamvu zina za injini kuti izungulire. Hilux, Ranger ndi D-Max za dizilo zimene zadzaza m'misewu ya kum'mwera kwa Africa zimachoka kufakitale ku Durban, Pretoria kapena Gqeberha zili kale ndi turbo. Kwa eni ake mkangano umakhala pa kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, kuika kabokosi ka Unichip ka kampani ya Dastek ya ku Pretoria, kukulitsa ekizosi ndi intercooler, chida choziziritsa mpweya wolowa mu injini. Zida n'zosiyana, koma mafunso ake ndi amodzimodzi.

Mbali yovomereza imayamba ndi manambala, ndipo manambalawo si abodza. Toyota Tundra ya ku America ya injini ya V8 ya malita 5.7 inkatulutsa horsepower 381. Ikaikidwa supercharger ya TRD inkafika pa 504, ndipo mphamvu yokoka, imene amakaniko amaitchula kuti torque, inkachoka pa 545 Nm n'kufika cha m'ma 745 Nm. Tacoma ya V6 ya malita 4.0, yomwe injini yake ndi ya mtundu umodzi ndi ya Hilux ya petulo, inkachoka pa 236 kufika pa 304. Masiku ano kampani ya Ford imagulitsa yokha supercharger ya Whipple yoika pa F-150 ya V8 ya malita 5.0, ndipo mphamvu zimalumpha kuchoka pa 400 kufika pa 700. Palibe ekizosi, sefa ya mpweya kapena mapulagi odula amene angayandikire pamenepo. Pa injini ya petulo yopanda turbo, zida zing'onozing'ono zoterezi zimasintha kulira kwa galimoto kuposa mmene zimasinthira liwiro lake.

Ovomerezawa amakana kuti nkhani ndi mpikisano. Amati pikiapu ndi galimoto yolemera, yoposa matani awiri isananyamule kanthu, ndipo ikakoka ngolo ya boti kapena ya ng'ombe imafuna mphamvu injini ikuzungulira pang'onopang'ono, poyambira pa mtunda kapena polowa mumsewu waukulu. Supercharger ya mtundu wa Roots kapena ya masikuluwu imapereka mphamvu pamenepo ndendende. Amatchulanso nkhani yopitirira galimoto ina. Pa msewu wa mizere iwiri, nthawi yoopsa kwambiri ndi imene dalaivala ali kumbali ya magalimoto obwera kutsogolo, akulimbana ndi thiraki yaitali. Galimoto yothamanga msanga ikaponda imafupikitsa nthawi imeneyo. Aliyense amene anatsatapo thiraki ya mafuta pa M1, pikiapu yake italemedwa ndi matumba a chimanga, akudziwa kuti mfundoyi ndi yoona.

Mfundo yawo yamphamvu kuposa zonse ndi ya kukwera kwa malo. Munthu akamakwera mapiri mpweya umapepuka, ndipo injini yodzikokera yokha mpweya imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 aliwonse a mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse. Ku Johannesburg, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,700, galimoto yotere imataya cha m'ma 17 peresenti ya mphamvu zimene ikanakhala nazo ku Durban. Mwini pikiapu wa ku Denver, pamtunda wa mamita 1,600, amene amakoka kalavani kudutsa pa Eisenhower Tunnel pamtunda wa mamita 3,400, amafika pamwambapo injini yake itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwa munthu ameneyu supercharger ikungomubwezera zimene phiri lamulanda, ndi kakuwonjezera pang'ono pamwamba. Lamulo la chilengedwe lomwelo limagwira ntchito pa galimoto yokwera kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre kapena yokwera Chiweta.

Palinso nkhani ya ndalama. Supercharger ya F-150 imagulidwa pafupifupi madola 10,000 a ku America, osawerengera malipiro a woika. Ndi ndalama zambiri. Koma F-150 Raptor R, imene imabwera ndi supercharger kuchokera kufakitale, inatuluka pa mtengo woposa madola 100,000. Munthu amene anamaliza kale kulipira ngongole ya pikiapu yake, amaidziwa mbiri yake yonse ndipo akufuna kukhala nayo zaka zina khumi, amaona kuti kuiwonjezera mphamvu n'kotchipa kuposa kugula yatsopano. Ndipo ikaikidwa ndi ogulitsa ovomerezeka a Ford, imabwera ndi warranty ya zaka zitatu kapena mamailosi 36,000. Pa nkhani ya mafuta ovomerezawa amakumbutsa kuti ma supercharger amakono ali ndi kavalavu kolambalalitsa mpweya: galimoto ikamayenda mofatsa pampuyo imangozungulira osapanikiza kanthu, choncho mafuta sakwera kwambiri pokhapokha phazi litalemera.

Chomaliza chimene ambiri amachita nacho manyazi kuchinena ndi chisangalalo. Sayenera kuchita manyazi. Munthu amene amathera maola awiri tsiku lililonse pa chiwongolero ali ndi ufulu wofuna kuti maolawo azimukoma, monga mmene wina amakongoletsera nyumba yake. Makampani nawo amazidziwa: Ford inagulitsa SVT Lightning ya supercharger kuyambira 1999 mpaka 2004, Nissan inaika supercharger pa Frontier ya V6 kuyambira 2001, ndipo Ram TRX ya horsepower 702 inapeza ogula.

Mbali yotsutsa sikana manambala amenewa. Imangofunsa kuti: mphamvuzo zikachuluka, kutentha kwake kukupita kuti? Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Mpweya wotentha, wopanikizidwa, wosakaniza ndi petulo, umatha kuphulika wokha musilinda nthawi yake isanakwane, ndipo kuphulika kosalongosoka kumeneku kumaswa mapisitoni ndi kuwononga maberingi. N'chifukwa chake zida zabwino zimabwera ndi intercooler, pampu yake ya madzi, mainjekitala aakulu ndi pulogalamu yatsopano ya kompyuta. Chilichonse mwa zimenezi ndi chinthu china chimene chingathe kuwonongeka pa ulendo. Pampu yaing'ono ya madzi ya intercooler ikafa, dalaivala sangadziwe msanga, koma injini ikhala ikupuma mpweya wotentha pa chitunda, ngolo ili kumbuyo.

Otsutsawa amaloza zimene makampani amachita akafuna kupanga okha galimoto ya horsepower 700. Injini ya V8 ya malita 5.0 ya F-150 wamba imapanikiza mpweya musilinda pa mlingo wa 12 kwa 1. Injini ya Raptor R, yomwe inachokera ku Mustang Shelby GT500 ndipo inapangidwira supercharger kuyambira pachiyambi, imapanikiza pa 9.5 kwa 1, ndipo zitsulo zake zam'kati n'zolimbitsidwa. Ya Ram TRX nayonso ili pa 9.5 kwa 1. Akatswiri a fakitale anatsitsa mlingowo dala, kuti pakhale mpata wopulumukira tsiku limene mafuta ali oipa kapena dzuwa lili lowotcha. Woika supercharger pa injini wamba mpata umenewo amauchepetsa, n'kudalira kompyuta ndi mafuta abwino kuti zimuteteze. Zimatheka, ndipo ambiri ayenda nazo zaka popanda vuto. Koma galimoto ya tsiku ndi tsiku ndi imene imakumana ndi masiku oipa ambiri, chifukwa siisankha tsiku lotuluka.

Mafuta ndiye pagona nkhani. Zida zimenezi zimalamula petulo wa octane wapamwamba, 91 kapena kuposa pa kawerengedwe ka ku America. Wogula wa kuno ayenera kusamala ndi nambalayi, chifukwa America imawerenga mosiyana: 91 ya kumeneko ikufanana ndi pafupifupi 95 ya pa mapampu a ku South Africa. Munthu wa ku Gauteng amene angathire 93 poganiza kuti wapitirira 91 wofunikayo ndiye kuti wathira mafuta ochepera mphamvu. Kuyambira tsiku loika supercharger, mwini galimoto saloledwanso kuthira petulo wotchipa mpaka kalekale. Za kavalavu kolambalalitsa mpweya zija n'zoona, koma palibe amene amalipira madola 10,000 kuti aziyenda mofatsa. Ram TRX, malinga ndi muyezo wa bungwe la EPA, imayenda mamailosi 12 pa galoni, komwe ndi makilomita asanu okha pa lita imodzi. Kulemera kwake ndi matayala ake akuluakulu zikuthandizira, inde, komabe nambalayo ikusonyeza kumene njirayi imalowera.

Mphamvu zikachoka mu injini zimadutsa mu kilachi kapena mu torque converter, mu giyabokosi, mu shafuti, mu difu mpaka kumatayala, ndipo chilichonse mwa zimenezi chinapangidwa ndi malire ake. Chitsanzo chabwino chili pa Hilux ya dizilo ya 2.8 GD-6. Toyota itaikonzanso mu 2020 inaipatsa makilowati 150. Ya magiya osintha okha inaloledwa 500 Nm, koma ya magiya a pamanja inatsala pa 420 Nm. Injini ndi yomweyo; chosiyana ndi zimene zili kumbuyo kwake. Munthu wokonza pulogalamu ya kompyuta atha kuchotsa malire amenewo pa ola limodzi, ndipo mwini galimoto achoka akusekerera. Kilachi ndiye idzayamba kuterereka miyezi ingapo kutsogolo, mu giya yachisanu, pa mtunda.

Mfundo imene otsutsa amapambana nayo poyera ndi ya kukoka ndi kunyamula. Anthu ambiri amati akufuna mphamvu kuti azikoka katundu wolemera, koma supercharger siwonjezera ngakhale kilogalamu imodzi pa malire olembedwa pa chitseko cha galimoto. Malirewo amachokera ku chasisi, masipuling'i, mabuleki, matayala ndi lediyeta. Ku America amayesedwa ndi muyezo wa SAE J2807, umene mwa zina umafuna kuti galimoto ikwere chitunda cha Davis Dam ku Arizona kukutentha, ngolo ili kumbuyo, popanda kuwira. Ndipo mapikiapu amphamvu kwambiri si amene amakoka kwambiri. Ranger Raptor ya makilowati 292 imaloledwa kukoka makilogalamu 2,500, pamene Ranger wamba ya dizilo imakoka 3,500. BYD Shark 6, imene inafika ku South Africa mu 2025 ndi makilowati 321, nayonso ili pa 2,500. Hilux ya makilowati 150 imapitirira Raptor ndi Shark ndi tani yathunthu.

Kenako mabuleki. Mphamvu yofunika kuimitsa galimoto imakwera mofulumira kuposa liwiro: galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imafuna kuti mabuleki ameze mphamvu yochuluka ndi 44 peresenti kuposa yothamanga 100. Pikiapu yopanda katundu ndi yopepuka kumbuyo, ndi yaitali msinkhu, ndipo zambiri za kuno zikadali ndi mabuleki a dramu kumbuyo. Kuipatsa mphamvu za galimoto ya mpikisano n'kusiya mabuleki ndi matayala akale, pa msewu wonyowa, n'kuika pachiswe anthu amene sanafunsidwe maganizo awo: wapanjinga, wakabaza, mwana wodutsa msewu. Phindu lopitirira thiraki msanga lija ndi lenileni, koma limabwera ndi chiyeso choyesa kupitirira pamalo pamene dzulo dalaivala akanadikira.

Za warranty zimafuna kuwerenga modekha. Ku America lamulo la Magnuson-Moss la mu 1975 limaletsa kampani kukana warranty yonse chifukwa chongoti mwini galimoto anaikapo chida cha kampani ina. Iyenera kusonyeza kuti chidacho ndicho chayambitsa vuto. Ovomereza amalitchula kwambiri lamuloli. Koma pisitoni ikasweka mu injini imene mphamvu zake zawonjezedwa ndi theka, kusonyeza zimenezo sikuvuta. Chitetezo chenicheni ndi warranty yolembedwa ya wopanga supercharger, monga ya Ford Performance kapena ya Roush, ndipo imeneyo ili ndi malamulo ake: woika akhale wovomerezeka, pulogalamu isasinthidwe, kagudumu ka lamba kasasinthidwe. Kagudumu kameneka ndi kumene ambiri amagwera. Kakachepa, pampu imazungulira mofulumira ndipo mphamvu zimakweranso, pa mtengo wochepa kwambiri. Munthu amazolowera 700 pa miyezi itatu, n'kuyamba kufuna 800, ndipo nkhani zambiri za mainjini ophulika zimayambira pamenepo. Toyota yokha inasiya kugulitsa ma supercharger a TRD ku America mu 2015.

Boma nalo lili ndi mawu. Ku California chida chilichonse chokhudza utsi wa galimoto chiyenera kukhala ndi nambala ya chilolezo ya bungwe la CARB, apo ayi galimotoyo silandira chiphaso choyendera. Makampani akuluakulu amazitsatira zimenezi. Vuto lalikulu lili pa mapikiapu a dizilo, pamene ena pofuna mphamvu amachotsa sefa yogwira mwaye ya DPF ndi kutseka valavu ya EGR. Mu 2020 khoti la ku Utah linalamula anthu a pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya Diesel Brothers kulipira madola oposa 850,000 chifukwa cha mchitidwe umenewu. Pano wolemba sangaime pakati. Utsi wakuda wa dizilo umalowa m'mapapo a anthu oyenda pansi ndi a amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, ndipo palibe makilowati amene angalungamitse zimenezo, kaya dziko lili ndi lamulo loletsa kaya lilibe.

Nanga ku Malawi? Mfundo ya mapiri ija ikugwira ntchito: Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, Dedza oposa 1,500. Koma zonse zimene zimachititsa kuti supercharger ikhale yodalirika ku Michigan zili kunja kwa galimoto, ndipo kuno n'zosowa. Pa pampu palibe kusankha pakati pa petulo wamba ndi wapamwamba. Bungwe la MERA limalengeza mtengo umodzi wa petulo. M'zaka zaposachedwapa mizere ya mafuta yakhala ikubwerabwera, ndipo munthu wothedwa nzeru amagula a m'zigubu, osadziwa zimene zasakanizidwamo. Injini wamba ya Hilux imatsokomola n'kupitiriza ulendo. Injini yopanikizidwa, yokonzedwera mafuta abwino okhaokha, ikhoza kufera pomwepo. Lamba wa supercharger akaduka ku Chitipa kapena ku Nsanje, wina wake ali ku Johannesburg kapena kutsidya la nyanja, ndipo agulidwa ndi ndalama zakunja zimene n'zovuta kupeza, makamaka chichokereni kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amakaniko a ku Ndirande ndi ku Biwi ndi aluso kwambiri pa injini zimene amazidziwa, koma kukonza pulogalamu ya kompyuta moyenera kumafuna makina a dyno oyezera galimoto ikugwira ntchito, osati khutu lokha.

Pamenepa ndi pamene mbali ziwirizi zimaonekera kuti zikukamba za anthu osiyana. Wovomereza amaganiza za munthu wa ku Texas amene ali ndi galimoto yachiwiri pakhomo, petulo wapamwamba pa kona iliyonse, ndi wogulitsa wa Ford pamtunda wa mphindi khumi. Pikiapu yake ikagona kugalaja sabata ziwiri, amangodandaula. Wotsutsa amaganiza za kontilakitala, mlimi kapena wamalonda amene pikiapu ndiye ofesi yake, ndipo ikagona sabata ziwiri antchito salipidwa, fodya safika ku okushoni, tomato amawola. Onse awiri amaitchula galimoto yawo kuti ya tsiku ndi tsiku, koma kuwonongeka kwake sikuwapweteka mofanana. Kwa woyambayo, zida zonse zochokera kwa wopanga mmodzi, zoikidwa ndi munthu wovomerezeka, zokhala ndi warranty yolembedwa, n'kusiyidwa mmene zabwerera, ndi chisankho chomveka ndipo palibe chifukwa chomunyozera. Kwa wachiwiriyo wolemba akuona kuti otsutsa ali ndi mfundo zolemera kwambiri, ndipo ndalamazo zili ndi malo ena abwino opitako.

Pali njira ya pakati imene Toyota inaisonyeza pa Hilux GR Sport ya ku South Africa mu 2022. Inakweza injini ya 2.8 kuchoka pa makilowati 150 kufika pa 165, ndi torque kuchoka pa 500 kufika pa 550 Nm. Ndi gawo limodzi chabe mwa magawo khumi, ndipo ngakhale pa kakuwonjezera kameneka anasinthanso kasinthidwe ka magiya, mashokabuzoba ndi masipuling'i. Kampani imene imaidziwa injiniyo kuposa wina aliyense inaima pamenepo. Wokonza pulogalamu amene akulonjeza kuwirikiza katatu kuposa apo pa galimoto yonyamula katundu tsiku ndi tsiku ayenera kufunsidwa kuti utsi ukutuluka ndi kutentha kotani pa chitunda, ndipo akalephera kuyankha ndi nambala, mwini galimoto atenge makiyi ake.

Amene watsimikiza mtima kuti awonjezere mphamvu ayambire kumene sikuoneka. Injini iyezedwe kaye ngati masilinda onse akupanikiza mofanana, chifukwa supercharger pa injini yotopa imangofulumizitsa imfa yake. Lediyeta, pampu ya madzi ndi mapaipi zikhale zatsopano kapena zabwinobwino, ndipo ya magiya osintha okha ipatsidwe choziziritsira oyilo wa giyabokosi. Mabuleki ndi matayala abwino zibwere mphamvu zisanabwere. Ambiri akachita zimenezi zokha amapeza kuti galimoto yasintha kale mokwanira. Oyilo azisinthidwa msanga kuposa mmene buku likunenera, ndipo pa ya dizilo paikidwe geji yoonetsa kutentha kwa utsi pamalo pamene dalaivala angaione.

Kampani ya inshulansi iuzidwe polemba kalata, tsiku loika lisanafike. Pafupifupi kulikonse, kubisa kusintha kwakukulu kotere kumapatsa kampaniyo chifukwa chokanira kulipira ngozi ikachitika, ndipo munthu amadzazindikira zimenezi galimoto ili kale m'dzenje. Zida zonse zochotsedwa, manifodi akale, mainjekitala, ndi pulogalamu yoyambirira ya kompyuta, zisungidwe. Pa tsiku logulitsa, ogula mapikiapu ogwiritsidwapo kale ntchito amakonda galimoto imene sinagwidwegwidwe, ndipo ambiri akamva kulira kwa supercharger amayamba kutsitsa mtengo m'malo mokweza. Mwini wake nthawi zambiri amapeza ndalama zochulukirapo akaibwezeretsa mmene inalili n'kugulitsa supercharger payokha.